Moto, Mpweya ndi Sikelo: Mmene Kemisitiri Inabadwira

M'mapiri a dziko limene lero likutchedwa Slovakia muli migodi yakale ya mkuwa imene inkatulutsa madzi obiriwira. Anthu ogwira ntchito m'migodiyo anazindikira kuti akaponya zidutswa za chitsulo wamba, chonga chosulira makasu, m'madzi amenewo n'kuzisiya kwa milungu ingapo, pozivuula ankapeza mkuwa wofiira m'malo mwa chitsulo chija. Panalibe chinyengo chilichonse. Aliyense wofuna ankatha kuponyamo msomali wake n'kudzionera yekha. Lero mwana wa sekondale angafotokoze kuti mkuwawo unali kale m'madzimo, wosungunuka, ndipo unangosinthana malo ndi chitsulo. Koma munthu wa zaka za m'ma 1600 akananena chiyani? Maso ake ankamuuza kuti chitsulo chasanduka mkuwa.

Oyenga zitsulo nawo anali ndi umboni wawo. Akatenga mtovu wa m'migodi ina n'kuuwotcha pamoto waukulu m'kambale koumbidwa ndi phulusa la mafupa, mtovuwo unkalowerera m'kambalemo, pansi n'kutsala kadontho ka siliva konyezimira. Ndiye ngati chitsulo chimasanduka mkuwa, mtovu n'kubala siliva, chingaletse n'chiyani kuti mtovu womwewo usanduke golide?

Funso limeneli ndilo linali phata la luso lotchedwa alchemy, limene linatangwanitsa anthu anzeru kwa zaka zoposa 1,000. Mabuku ambiri amawanena anthu amenewa ngati zitsiru kapena akamberembere. Akamberembere analipo ndithu, koma ambiri anali anthu akhama amene ankatsatira zimene maso awo ankaona ndi zimene aphunzitsi a nthawi yawo ankaphunzitsa. Aristotle wa ku Greece, potsatira Empedocles, anaphunzitsa kuti chilichonse chinapangidwa ndi zinthu zinayi: dothi, madzi, mpweya ndi moto. Zikanakhala zoona, kusiyana kwa mtovu ndi golide kukanangokhala kwa kasakanizidwe basi. Ambiri ankakhulupiriranso kuti zitsulo zimakula ndi kukhwima pansi panthaka, ndipo golide ndiye chitsulo chokhwima kotheratu. Ntchito ya katswiri inali kungofulumizitsa m'ng'anjo zimene nthaka imachita pang'onopang'ono.

Zolemba zakale za lusoli zimene zilipobe n'za ku Egypt, kumene Zosimos wa ku Panopolis analemba za ng'anjo ndi miphika yotchezera cha m'ma 300. Kenako ntchitoyi inakula kwambiri m'mayiko a Asilamu. Mabuku odziwika ndi dzina la Jabir ibn Hayyan ankati zitsulo zonse zimachokera ku sulufule ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimene chinkaikidwa m'zipangizo zoyezera kutentha kwa thupi. Sing'anga al-Razi, amene anagwira ntchito ku Rayy ndi ku Baghdad ndipo anamwalira cha m'ma 925, anasanja zinthu za m'labotale yake m'magulu, monga miyala, michere ndi zitsulo, n'kufotokoza zipangizo zake momveka bwino. Luso lalikulu limene anthu amenewa analinola ndi kutcheza. Amene anaonapo mayi akutcheza kachasu akudziwa kale mfundo yake: mphika pamoto, nthunzi n'kudutsa m'paipi yozizira, madontho n'kumagwera m'botolo, zotsalira n'kukhala mumphika. Potcheza michere ndi miyala mwa njira yomweyi, akatswiri a ku Ulaya a zaka za m'ma 1200 ndi 1300 anapeza maasidi amphamvu, kuphatikizapo amene amasungunula ngakhale golide.

Ku China cholinga chinali china: mankhwala oti munthu asafe. Mafumu angapo a mzera wa Tang anafa atamwa mankhwala oterowo, amene munali mercury ndi ziphe zina. M'miphika ya ofufuza omwewo, zaka za m'ma 800, munatulukanso wonga wa mfuti, wosakaniza sulufule, makala ndi mchere wa saltpetre.

Zimene ofuna golide ankapeza panjira nthawi zambiri zinkaposa golideyo. Mu 1669 Hennig Brand wa ku Hamburg anasonkhanitsa mikodzo yambirimbiri, n'kuisiya kuti iwole, kenako n'kuiwiritsa mpaka kutsala phala. Atawotcha phalalo pamoto waukali, anapeza chinthu choyera chimene chinkawala mumdima ndi kuyaka chokha chikakhudzana ndi mpweya. Chinali phosphorus. Johann Friedrich Böttger anadzitama kuti angapange golide, ndipo wolamulira wa Saxony, Augustus, anamutsekera kuti amupangiredi. Golide sanaoneke, koma pogwira ntchito ndi Ehrenfried von Tschirnhaus, Böttger anapeza kaumbidwe ka mbale zadothi zoyera mbee zonga za ku China, ndipo fakitale ya ku Meissen inatsegulidwa mu 1710.

Chimene chinapundula alchemy chinali chinsinsi. Olemba ankabisa njira zawo m'miyambi ya mkango wobiriwira wodya dzuwa, ya mfumu ndi mfumukazi osamba pamodzi, ya chinjoka chodya mchira wake. Wowerenga akayesa n'kulephera, sankadziwa ngati wolembayo ananama, analakwitsa, kapena iye mwini ndiye sanamasulire bwino mwambiwo. Motero bodza linkatha zaka mazana ambiri popanda wolitsutsa, ndipo choona chimene munthu mmodzi wapeza chinkapita naye kumanda. Brand mwini sanalembe za phosphorus. Anagulitsa chinsinsicho kwa ena.

Robert Boyle anayamba kugumula khoma limeneli. M'buku lake la mu 1661, The Sceptical Chymist, anafunsa ngati zinthu zinayi za Aristotle zinapezekapodi m'mphika wa munthu aliyense, ndipo ankalemba zoyesa zake mwatsatanetsatane, ngakhale zimene zalephereka, kuti wina akabwereze. Komabe tisaganize kuti Boyle anataya za golide. Anazifufuza mpaka imfa yake, ndipo anathandiza kuti mu 1689 lamulo la ku England la mu 1404 loletsa kuchulukitsa golide ndi siliva lichotsedwe. Isaac Newton naye anasiya zolemba za alchemy za mawu pafupifupi 1 miliyoni. Alchemy ndi kemisitiri zinakhala m'nyumba imodzi kwa nthawi yaitali, nthawi zina m'mutu mwa munthu mmodzi.

Munthu wina wa nthawi imeneyo anatsala pang'ono kufika pa choonadi, ndipo nkhani yake ikusonyeza bwino pamene panali vuto. Jan Baptist van Helmont wa ku Brussels anaumitsa dothi lolemera makilogalamu pafupifupi 90, n'kuliika mumphika waukulu, n'kudzalamo kamtengo ka msondodzi kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono. Anaphimba mphikawo kuti fumbi lisalowe, ndipo kwa zaka zisanu ankangothirira madzi. Pamapeto pake mtengowo unalemera makilogalamu pafupifupi 77, pamene dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Iye anati mtengowo wachokera ku madzi okha. Njira yake inali yabwino zedi: anayeza poyamba, anayezanso pomaliza. Chimene sanachiike pa sikelo ndi mpweya, umene masamba ankatengamo gawo lalikulu la thupi la mtengowo. Ndi ochepa chabe amene ankaganiza kuti chinthu chosaoneka chingalowe m'thabwa, m'phulusa kapena m'dzimbiri n'kumalemera mmenemo.

Chifukwa cha kusawerengera mpweya kumeneku, moto unafotokozedwa chozondoka. Georg Ernst Stahl wa ku Germany, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, anaphunzitsa kuti chilichonse choyaka chili ndi chinthu chotchedwa phlogiston, chimene chimatuluka pa kuyaka. Nkhuni zikapsa phlogiston wachoka, latsala phulusa. Chitsulo chikachita dzimbiri, ndiye kuti phlogiston wathawamo. Ukawotcha dzimbirilo pamodzi ndi makala, amene ali ndi phlogiston wambiri, chitsulo chimabwerera. Mfundoyi inali yokopa chifukwa inagwirizanitsa kuyaka, dzimbiri, kuyenga ndi kupuma, ndipo pogwirizanitsa zimenezi sinalakwe. Koma panali chinthu chimodzi chosautsa, chimene sing'anga wa ku France Jean Rey anali atachilemba kale mu 1630: mtovu ukawotchedwa mpaka kusanduka ufa, ufawo umalemera kuposa mtovu uja. Chinthu chingalemere bwanji chitataya kanthu?

Yankho linayamba kuoneka anthu ataphunzira kugwira mpweya m'mabotolo ozondotsa m'madzi. Cha m'ma 1755 Joseph Black wa ku Scotland anasonyeza kuti miyala ina yonga choko ikawotchedwa imapepuka chifukwa imatulutsa mpweya wa mtundu wake, umene lero timautcha carbon dioxide. Mu 1766 Henry Cavendish anafotokoza mpweya wopepuka kwambiri woyaka msanga, haidirojeni. Pa 1 August 1774, m'busa wachingerezi Joseph Priestley analunjikitsa dzuwa ndi galasi lalikulu pa ufa wofiira wa mercury, ndipo munatuluka mpweya umene kandulo inayakamo mowala modabwitsa. Pambuyo pake anaona kuti mbewa yotsekeredwa mumpweyawo imakhala nthawi yaitali kuposa mumpweya wamba. Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden, wogulitsa mankhwala, anali ataupeza kale mpweya womwewo zaka ziwiri kapena zitatu m'mbuyomo, koma buku lake linachedwa kwa osindikiza mpaka 1777. Onse awiri anaufotokoza m'chinenero cha phlogiston.

Mu October 1774 Priestley anadya chakudya kunyumba kwa Antoine Lavoisier ku Paris, ndipo anasimba zimene anaona. Lavoisier anali munthu wolemera, mmodzi wa okhometsa msonkho a mfumu, wozolowera mabuku a ndalama mmene zolowa ndi zotuluka ziyenera kufanana. Chuma chake anagulira masikelo abwino koposa amene amisiri a ku Paris ankatha kupanga. Ali mnyamata anali atatsutsa kale chikhulupiriro chakuti madzi akawira nthawi yaitali amasanduka dothi. Anawiritsa madzi m'botolo lagalasi lotseka kwa masiku 101, ndipo tinyenyeswa tinaonekadi pansi. Koma atayeza anapeza kuti madzi sanachepe. Botolo ndilo linapepuka. Dothi lija linali galasi lomwe linanyenyeka. Mu 1772 anapeza kuti phosphorus ndi sulufule zikapsa zimalemera, ndipo atawotcha zitsulo m'mabotolo omata anaona kuti kulemera kwa botolo lonse sikusintha mpaka atalitsegula, mpweya wakunja n'kulowa mwamkokomo kudzaza malo a umene wadyedwa.

Atamva za Priestley anapanga chiyeso chimene chinamaliza nkhani. Anatenthetsa mercury m'botolo lolumikizana ndi mpweya woyezedwa bwino kwa masiku 12. Pamwamba pa mercury panayamba kuoneka timadontho tofiira, ndipo mpweya unachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6. Mpweya wotsalawo unkazimitsa kandulo ndipo nyama sinkatha kupumamo. Kenako anatola ufa wofiira uja n'kuuwotcha kwambiri. Mercury anabwerera, ndipo munatuluka mpweya wochuluka mofanana ndi umene unasowa uja. Atausakaniza ndi wotsala uja, unakhalanso mpweya wamba. Palibe chimene chinathawa m'chitsulocho. Kuyaka ndi kugwirana kwa chinthu ndi gawo lina la mpweya, limene iye analitcha okosijeni. Mu 1783 iye ndi Pierre-Simon Laplace anawotcha haidirojeni mu okosijeni n'kupeza madzi, monga anachitiranso Cavendish, ndipo pambuyo pake anadutsitsa nthunzi mumpope wa mfuti wotentha psuu, madziwo n'kugawika. Mpweya ndi madzi, ziwiri mwa zinthu zinayi za Aristotle, zinapezeka kuti nazonso n'zophatikiza.

Mkazi wake, Marie-Anne Paulze, anali m'kati mwa ntchito yonseyi. Ankalemba zotsatira m'labotale, anamasulira m'Chifalansa buku la Richard Kirwan loikira kumbuyo phlogiston kuti mwamuna wake ndi anzake aliyankhe mfundo ndi mfundo, ndipo ndiye anajambula zithunzi za zipangizo m'buku la Lavoisier la mu 1789, zolondola moti munthu wa kutali akanatha kupangitsa zake. M'bukulo munali mndandanda wa maelementi 33, kutanthauza zinthu zimene palibe anali atatha kuzigawanso. Zina zinalowamo molakwika, monga kuwala ndi kutentha, koma muyezo wake unali womveka: chinthu chikhala pamndandanda mpaka wina atachigawa pamaso pa anthu. Zaka ziwiri m'mbuyomo, Lavoisier ndi Guyton de Morveau, Berthollet ndi Fourcroy anali atakonza mayina atsopano onena zimene zili m'kati mwa chinthu, m'malo mwa mayina amiyambi aja.

Anthu awiri a pa chakudya chija anathera kosiyana. Priestley, amene ankasangalala ndi kuukira ufumu kwa ku France, anamuwotchera nyumba ndi labotale ku Birmingham mu 1791. Anasamukira ku Pennsylvania, kumene anamwalira mu 1804 akukhulupirirabe phlogiston. Lavoisier anadulidwa mutu ku Paris pa 8 May 1794, pamodzi ndi apongozi ake ndi okhometsa msonkho anzake.

Sikelo itakhala woweruza, zinthu zinayenda mothamanga. Joseph Proust anasonyeza kuti chinthu chophatikiza, kaya chakumbidwa m'mgodi kaya chapangidwa m'labotale, chimakhala ndi maelementi ake pa mlingo umodzimodzi. John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, anapereka chifukwa chake mu 1808: elementi iliyonse ili ndi maatomu a kulemera kwakekwake, ndipo maatomu amagwirana athunthu, osati zidutswa. Batire ya Alessandro Volta ya mu 1800 inapatsa Humphry Davy chida chong'ambira zimene moto unalephera, ndipo mu 1807 anatulutsa potassium ndi sodium. Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden anayeza kulemera kwa maatomu ambiri ndi kuyambitsa zilembo zimene ana asukulu amaloweza lero, monga Fe, Cu ndi Au.

Panatsala chisokonezo chimodzi chachikulu. Sikelo imanena kuti m'madzi okosijeni amalemera kuwirikiza pafupifupi 8 kuposa haidirojeni, koma siinena kuti maatomu alimo angati. Dalton anaganiza kuti ndi imodzi kwa imodzi, motero manambala ake ambiri anapotoka, ndipo kwa zaka 50 akatswiri ankalemba chinthu chimodzi m'njira zosiyanasiyana. Mu 1860 akatswiri pafupifupi 140 anakumana ku Karlsruhe, ndipo Stanislao Cannizzaro wa ku Italy anasonyeza kuti mfundo ya Amedeo Avogadro ya mu 1811, yakuti mabotolo ofanana a mipweya yosiyana, pa kutentha ndi kupanikiza kofanana, amakhala ndi timagulu ta maatomu tochuluka mofanana, imathetsa vutolo.

Pamsonkhanowo panali mnyamata wa ku Russia wa zaka 26, Dmitri Mendeleev. Mu 1869, akulemba buku la ophunzira ake ku St Petersburg, anasanja maelementi 63 odziwika motsatira kulemera kwa maatomu awo, ndipo anaona kuti makhalidwe amabwerezabwereza: pakapita maelementi angapo pamabwera ina yofanana ndi yoyamba ija. Lothar Meyer wa ku Germany anaonanso zomwezo. Kulimba mtima kwa Mendeleev kunali pa mipata. Pamene panalibe elementi yoyenera, anasiya malo opanda kanthu, n'kunena kuti ilipo koma sinapezeke, ndipo anafotokozeratu kulemera ndi makhalidwe ake. Mu 1875 Paul-Émile Lecoq de Boisbaudran wa ku France anapeza gallium, n'kulengeza kuti imalemera kuwirikiza 4.7 kuposa madzi. Mendeleev, amene anali asanaione n'komwe, analemba kuti nambalayo iyenera kukhala pafupifupi 5.9, ndipo mwina chitsulocho sichinayeretsedwe mokwanira. Lecoq anachiyeretsa, anayezanso, n'kupeza 5.9. Scandium inapezeka mu 1879, germanium mu 1886, zonse m'malo amene anazisungira. Palibe katswiri wa alchemy amene ananenapo chinthu chosaoneka ndi nambala yoti wina akamutsutse nayo.

Pamene aliyense anali atavomereza kuti elementi singasanduke ina, Ernest Rutherford ndi Frederick Soddy, ku yunivesite ya McGill ku Montreal, anapeza mu 1902 kuti thorium imasanduka yokha maelementi ena uku ikutulutsa cheza champhamvu. Mu 1913 Henry Moseley anasonyeza kuti chimene chimasiyanitsa elementi ndi nambala ya mphamvu ya magetsi ya m'katikati mwa atomu, imene lero timati chiwerengero cha maprotoni. Mtovu uli ndi 82, golide 79. Moto wa m'ng'anjo, ngakhale utakula bwanji, umangokhudza kunja kwa atomu, n'chifukwa chake zaka mazana onse aja sizinabale kanthu. Mu 1980 gulu la Glenn Seaborg ku Berkeley linasandutsadi bismuth kukhala golide pogwiritsa ntchito makina othamangitsa tizidutswa ta maatomu. Anapeza maatomu masauzande ochepa chabe, osaoneka ndi maso, pa mtengo woposa kutali golide wa pamsika.

Kusandutsa kumene kunasintha miyoyo ya anthu ambiri kunali kwina. Mu 1828 Friedrich Wöhler anapanga urea m'botolo kuchokera ku michere, chinthu chimene kufikira nthawiyo chinkadziwika kuti chimapangidwa m'thupi mwa munthu ndi nyama basi. Urea ali ndi naitirojeni wambiri, amene mbewu zimamufuna. Mpweya umene timapuma uli ndi naitirojeni magawo 78 pa 100 alionse, koma chimanga sichingamutenge mwachindunji, chifukwa maatomu ake amagwirana awiriawiri molimba kwambiri. Mu 1909 Fritz Haber anatha kumuphatikiza ndi haidirojeni pa kutentha kwakukulu ndi kupanikiza koopsa, n'kupanga ammonia. Carl Bosch wa kampani ya BASF anamanga fakitale yoyamba ku Oppau mu 1913. Ammonia yemweyo anapangira Germany mabomba pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo Haber mwiniyo ndiye anatsogolera kuponya mpweya wakupha wa chlorine ku Ypres mu April 1915. Mbiri ya kemisitiri singanenedwe moona popanda mbali imeneyi.

Feteleza wobereketsa amene mlimi wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Angónia amathira m'munda mwake nthawi zambiri ndi urea wopangidwa ndi ammonia ameneyo pamodzi ndi carbon dioxide. Pa thumba pamalembedwa 46% N, ndipo nambalayi aliyense angathe kuitsimikiza ndi pensulo. Kagulu kamodzi ka urea kali ndi atomu imodzi ya kaboni yolemera 12, imodzi ya okosijeni yolemera 16, zinayi za haidirojeni zolemera 4 pamodzi, ndi ziwiri za naitirojeni zolemera 28. Zonse pamodzi ndi 60, ndipo 28 mwa 60 ndi magawo opitirira 46 pa 100. Choncho m'thumba la makilogalamu 50 muli naitirojeni wolemera makilogalamu 23, amene anakokedwa mumpweya.